Posankha sitolo ya pa intaneti, funso loyamba ndi la ndalama

Wamalonda wamng'ono amene foni yake yafika posapuma ndi mauthenga ofunsa mitengo, posakhalitsa amalandira langizo lakuti atsegule sitolo ya pa intaneti. Langizoli limachokera kwa mwana wake wa ku koleji, kwa mnzake wa ku banki mkhonde, kapena kwa mnyamata wodziwa makompyuta yemwe mtengo wa ntchitoyo adauwerengetsera kale. Si langizo loipa. Chovuta nchakuti kukambirana kwake kumayambira kolakwika: mtundu wa tsamba, kukongola kwa zithunzi, ndi dzina la kampani yakunja yomwe akuti aliyense akuithamangira.

M'dziko muno, chomwe chimaimika kapena kugwetsa sitolo yotere sichioneka pa chithunzi. Nkhani yagona pa njira yomwe ndalama ya wogula idutse kuti ifike kwa mwini katundu, komanso pa bilu yomwe mwini katunduyo azilipira mwezi ndi mwezi: kukula kwake, ndiponso ngati ili ya makwacha kapena ya madola. Wosankha pomanga sitolo asadayankhe zimenezi atha kutola chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Sitolo ya pa intaneti yeniyeni ndi tsamba lomwe wogula amaonapo katundu ndi mitengo, kusankha chomwe wakonda, kulipira, n'kulemba komwe katunduyo apite, zonsezi osadikira kuti mwini wake adzuke kapena atuluke m'tchalitchi kuti ayankhe foni. Kuseri kwa tsambalo kumakhala pulogalamu yowerengera katundu wotsala, yosunga maoda ndi yotulutsa malisiti. Mapulogalamu otere alipo ambirimbiri, koma kwa wamalonda wa mu Limbe, wa ku Area 2 kapena wa mu Mzuzu, kusiyana kwake kukufanana ndi komwe akukudziwa kale: kuyala katundu pa benchi mumsika wa khonsolo, kuchita lendi shopu yomangidwa kale, kapena kumanga yakeyake pa puloti.

Benchi ya mumsika wa eni

Amalonda ambiri a m'tauni ali kale pa benchi, ngakhale sadziwerengera kuti ali ndi sitolo. WhatsApp Business idatuluka mu Januwale 2018, ndipo chakumapeto kwa 2019 idaonjezera gawo la katalogi, momwe wamalonda atha kuikamo zinthu zofika 500, chilichonse ndi chithunzi, mtengo ndi malongosoledwe ake. Pambali pake pali masamba ndi magulu ogulitsirana a pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Kutsegula zonsezi nkwaulere, ndipo ogula safunika kuitanidwa chifukwa ndi komwe amaswera kale.

Pali ubwino wina womwe omanga mawebusaiti sakonda kuutchula. Makampani a mafoni a Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a masamba a mchezo okha, omwe ndi otsikirapo mtengo poyerekeza ndi bandulo yotsegula china chilichonse. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook akadina linki yopita ku webusaiti ina, tsambalo silitseguka, apo ayi limayamba kudya mayunitsi. Choncho wamalonda atha kulipira ndalama zambiri kumangitsa sitolo yokongola, koma gawo lalikulu la makasitomala ake n'kumaimira pakhomo, osatha kulowa. Ichi ndi chinthu choyenera kufunsa makasitomala enieniwo, khumi kapena makumi awiri, asadasainidwe mgwirizano ndi aliyense.

Komanso wogula wa kuno amakonda kulankhula. Amafuna kufunsa mtengo womaliza, kupempha chithunzi china chojambulidwa panja powala, kutsimikiza kuti nsalu siichucha, kumva mawu a munthu. Kunenerera si kutaya nthawi ayi. Ndi momwe ambiri amayesera ngati wogulitsayo ndi munthu weniweni kapena kamberembere. Tsamba lomwe limangoti lipirani apa, popanda polankhulira, limachotsa chinthu chomwe chimamanga chikhulupiriro.

Malire a benchi amaoneka malonda akakula. Katalogi ya WhatsApp siichotsera yokha katundu wogulidwa, ndiye nsapato imodzi itha kulonjezedwa kwa anthu awiri tsiku limodzi. Maoda amabalalika pakati pa mauthenga a maliro, a ukwati ndi a gulu la makolo a kusukulu. Malipiro amachitikira kunja: wogula amatumiza ndalama pa foni n'kutumiza chithunzi cha uthenga wake, ndipo wogulitsa ayenera kutsimikiza yekha. Apa mpomwe akuba amalowera ndi mauthenga abodza ooneka ngati ochokera ku kampani ya foni, kapena ndi zithunzi zosinthidwa manambala. Wamalonda wochenjera sapereka katundu poona chithunzi; amayamba waona kaye ndalama zomwe zili mu akaunti yake.

Ndipo msikawo ndi wa eni. WhatsApp, Facebook ndi Instagram zonse ndi za kampani imodzi ya ku America, Meta. Pa 4 Okutobala 2021 masamba atatuwa adazima limodzi dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo aliyense wodalira iwo okha adangopinda manja. Kuzima kotere nkosowa. Chomwe chimachitika kawirikawiri nchakuti akaunti yatsekedwa popanda kufotokozeredwa bwino, kapena yabedwa ndi munthu yemwe adanyengerera mwini wake kuti amuuze nambala yachinsinsi yobwera pa SMS. Zikatero, zaka zingapo zosonkhanitsa otsatira zimapita tsiku limodzi, ndipo palibe ofesi ku Ginnery Corner kapena ku City Centre yokadandaulako.

Ngakhale zili choncho, kwa wogulitsa kaunjika wosankha, makeke a oda kapena katundu wina yemwe chinthu chilichonse chimakhala chimodzi ndipo chimatha tsiku lomwelo, benchi imeneyi ndi yokwanira. Palibe chochititsa manyazi kukhala wopanda webusaiti ngati maoda a tsiku akukwana pa tsamba limodzi la kope.

Lendi ya madola

Dzina lomwe limamveka kwambiri pa masitolo a lendi ndi Shopify, kampani ya ku Ottawa m'dziko la Canada. Idayamba mu 2006, Tobias Lütke ndi anzake atalemba pulogalamu yawoyawo yogulitsira zipangizo za masewero otsetsereka pa chipale chifukwa mapulogalamu omwe adalipo sadawakhutiritse. Wix ya ku Israel ndi Squarespace ya ku America zimagwira ntchito mofananako. Wamalonda amalembetsa, kusankha maonekedwe okonzedwa kale, kuika zithunzi ndi mitengo, ndipo sitolo itha kuima tsiku limodzi. Makompyuta osungira tsamba, chitetezo ndi kukonza zowonongeka zonse ndi udindo wa kampaniyo, monga momwe landilodi amasamalira denga.

Lendiyo ndi yomwe ili ndi mano. Imalipidwa m'madola, kudzera pa khadi ya banki yololedwa kugula kunja. Kumayambiriro kwa 2023 Shopify idakweza mtengo wa pulani yake ya Basic ku America kuchoka pa madola 29 kufika pa 39 pa mwezi kwa olipira mwezi ndi mwezi. Mitengo imasiyanako malinga ndi dziko ndi nthawi, koma chiwerengerochi nchokwanira kuonetsa chomwe chimachitikira munthu wogulitsa m'makwacha koma akulipira m'madola.

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wogulira dola ku banki udachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bilu ya madola 39, yomwe dzulo lake idali pafupifupi K46,000, idadzuka ili K66,300. Sitoloyo sidaonjezere chilichonse, kampaniyo sidakweze mtengo, koma mwini wake adayenera kupeza K20,000 yapadera mwezi uliwonse. Kudali kutangodutsa chaka ndi theka kuchokera pomwe kwacha idagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Wamalonda yemwe amapeza phindu la K4,000 pa chitenje chilichonse amayenera kugulitsa zitenje 17 kuti angolipira lendi yokhayo, asadawerengere bandulo, thiransipoti ndi mapepala okulungira.

Ndipo bilu siithera pa pulani. Zinthu zambiri zomwe wamalonda amaganiza kuti zibwera limodzi ndi sitolo, monga batani lolankhulira pa WhatsApp, malo olembapo ndemanga za ogula kapena mitengo ya opikula, kawirikawiri zimabwera ngati timapulogalamu toonjezera, tina taulere koma tambiri ta madola angapo pa mwezi. Titatu kapena tinayi totere titha kufanana ndi lendi yeniyeniyo.

Vuto lina ndi lopeza dolayo. Kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti mabanki aziika malire pa ndalama zomwe khadi ingagwiritse ntchito kunja, ndipo malirewo amasinthasintha. Khadi ikakana kulipira, kampani yakunja siimva nkhani ya kusowa kwa madola. Ikayesa kangapo n'kulephera, imaimitsa sitolo mpaka ngongoleyo italipidwa. Ena amadalira khadi ya m'bale wawo wa ku Johannesburg kapena ku Leeds. Njirayi imagwira ntchito mpaka tsiku lomwe m'baleyo wasintha banki, wasiya ntchito, kapena abale akangana pa nkhani ya munda.

Momwe ndalama idzalowere

Apa ndi pomwe masitolo ambiri omangidwa mwachangu amatsamwa. Mapulogalamu akunjawa adapangidwira maiko omwe wogula amatulutsa khadi ya Visa kapena Mastercard popanda kuganiza kawiri. Kuno wogula wamba amalipira ndi Airtel Money, yomwe idayamba mu 2012, kapena TNM Mpamba, yomwe idatsatira mu 2013, apo ayi amasamutsa ndalama kuchoka ku banki kudzera pa foni. Sitolo yosalandira njira zimenezi ili ngati golosale yomwe yalemba pakhomo kuti makwacha sakulandiridwa.

Shopify ili ndi njira yakeyake yolandirira ndalama, Shopify Payments, koma Malawi sali pa mndandanda wa maiko omwe njirayi imagwira ntchito. Chimodzimodzinso Stripe, kampani yomwe mapulogalamu ambiri akunja amadalira. Stripe idalowa mu Africa pogula kampani ya ku Nigeria ya Paystack mu 2020, ndipo Paystack imatumikira maiko monga Nigeria, Ghana, South Africa ndi Kenya. Izi zikutanthauza kuti malangizo ambiri a pa YouTube onena za kutsegula sitolo m'mphindi makumi atatu amalumpha gawo lomwe kwa Mmalawi ndi lovuta kuposa onse.

Chofunika ndi kampani yapakati, yolumikiza tsamba la wamalonda ndi makampani a mafoni komanso mabanki. Wogula akadina batani lolipirira, kampaniyi imatumiza uthenga pa foni yake womupempha kulowetsa nambala yake yachinsinsi, imalandira ndalamazo, n'kuuza sitolo kuti oda yalipiridwa. Palibe chithunzi chotumiza, palibe uthenga wokayikitsa. Pambuyo pake imapereka ndalamazo kwa wamalonda itadulapo gawo lake. PayChangu, ya m'dziko momwe muno, ndi DPO, yomwe idayambira ku Kenya, ndi zina mwa kampani zogwira ntchito yotereyi, ndipo mabanki ena alinso ndi njira zawo zolandirira makadi pa intaneti.

Choncho dongosolo labwino ndi loyambira kuno: wamalonda apeze kaye kampani yapakati yomwe imalandira njira zomwe makasitomala ake amagwiritsa ntchito, kenaka afunse kuti kampaniyo imalumikizika ndi mapulogalamu ati a sitolo. Mndandanda wa zosankha umafupika wokha. Kuchita mosemphanitsa, kumanga sitolo kenaka n'kumasaka njira yolandirira ndalama, ndi komwe kumasiya anthu ndi tsamba lokongola lokhala ndi mawu akuti tumizani ndalama pa nambala iyi, zomwe akadatha kuchita pa WhatsApp kwaulere.

Kwa kampani yapakatiyo, mafunso ndi a ndalama ndi nthawi. Imadula zingati pa K100 iliyonse, ndipo kodi mtengowo ndi umodzi pa foni ndi pa khadi? Ndalama zimatenga masiku angati kuti zifike ku akaunti ya wamalonda? Kwa munthu amene amaoda katundu Lachisanu lililonse ndi ndalama zomwe wagulitsa sabatayo, kusiyana kwa tsiku limodzi ndi masiku asanu ndi kusiyana kwa shelefu yodzaza ndi yopanda kanthu. Nanga wogula akabweza katundu, ndalama zake zimabwerera bwanji, ndipo gawo lomwe lidadulidwa amataya ndani? Pamwamba pa zonse, kampaniyo ionetse chilolezo chochokera ku banki ya Reserve, yomwe lamulo la Payment Systems Act la 2016 lidaipatsa mphamvu zoyang'anira njira zolipirira. Ndalama za wamalonda zimagona m'manja mwa kampaniyo kwa maola kapena masiku, ndiye si funso lamwano.

Pa Shopify pali kamsampha kena. Wamalonda akagwiritsa ntchito kampani yapakati m'malo mwa Shopify Payments, Shopify imadulanso gawo lakelake pa malonda alionse, lomwe pa pulani ya Basic ndi 2 peresenti. Tiyerekeze kuti kampani yapakati ikudula 3 peresenti: pa katundu wa K50,000, K1,500 ipita kumeneko, K1,000 ipita ku Canada, ndipo ngati phindu lidali K8,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lapita. Gawo la Shopify silidulidwa pa malipiro omwe wamalonda amatsimikiza yekha, monga kuika ndalama ku banki kapena kulipira polandira katundu, koma pamenepo ntchito yotsimikiza yabwereranso m'manja mwake.

Pali gulu limodzi lomwe khadi ndi yofunikadi: omwe ogula awo ali kunja. Wogulitsa khofi, ziboliboli, madengu kapena zovala za chitenje kwa alendo, komanso wogulitsa zakudya ndi zipangizo zomangira zomwe Amalawi a ku South Africa ndi ku Britain amalipirira abale awo kumudzi, amalandira ndalama kwa anthu omwe alibe Mpamba. Kwa iwowa sitolo ya lendi itha kudzilipira yokha, chifukwa wogula wakunja amaizindikira ndipo amaikhulupirira, komanso mitengo itha kuikidwa m'ndalama yomwe bilu ikubweramo.

Kumanga pa puloti

Njira yachitatu ndi WooCommerce, pulogalamu yomwe imaikidwa pamwamba pa WordPress n'kusandutsa webusaiti wamba kukhala sitolo. Idatuluka mu 2011 kuchokera ku kampani ya WooThemes, yomwe awiri mwa omwe adaiyambitsa adali a ku Cape Town, ndipo mu 2015 idagulidwa ndi Automattic ya ku America. Pulogalamuyi ndi yaulere, siidula gawo pa malonda, ndipo aliyense wodziwa atha kuisintha momwe akufunira. Nchifukwa chake makampani apakati a mu Africa muno kawirikawiri amayamba apanga cholumikizira cha WooCommerce asadafike ku mapulogalamu a lendi, omwe amafuna chilolezo cha eni ake.

Koma mawu akuti ulere apa ali ngati puloti yopatsidwa ndi amalume: njerwa, simenti ndi mmisiri ndi za mwini. Pamafunika kulipira kampani yosunga tsambalo pa makompyuta ake, ntchito yomwe akatswiri amati hosting, komanso dzina la sitoloyo pa intaneti, lomwe amati domain, kaya lothera ndi .mw kapena .com, ndipo limalipiridwa chaka ndi chaka. Ubwino wake ngwakuti alipo makampani a m'dziko muno omwe amagulitsa zonsezi m'makwacha, zomwe zimachotsa mutu wa khadi ndi dola, ngakhale mitengo yawo nayo imakwera kwacha ikagwa.

Chachikulu ndi chisamaliro. WordPress ndi timapulogalamu take timafunika kukonzedwanso pafupipafupi. Tikasiyidwa miyezi, akuba a pa intaneti amapeza polowera, ndipo sitolo itha kudzuka ikutsatsa mankhwala achilendo kapena juga. Pamafunikanso kusunga kope lapadera la sitolo yonse kwina, kuti makompyuta akawonongeka pakhale poyambira. Wamalonda amene sangathe kuchita izi yekha ayenera kukhala ndi mmisiri wolipidwa mwezi ndi mwezi, ndipo malipirowo awerengeredwe poyerekeza ndi lendi ya Shopify. Nthawi zina kusiyana kwake sikukhala kwakukulu monga momwe mawu akuti ulere amamvekera.

Nkhani yomwe imamveka mobwerezabwereza ndi ya mmisiri wosowa. Wamanga tsamba, walandira ndalama, kenaka wapeza ntchito kwina kapena wapita kunja ndipo foni yake siikupezekanso. Chaka chikatha domain imafa chifukwa uthenga wokumbutsa umapita ku imelo ya mmisiriyo, ndipo mwini sitolo amazindikira kuti dzina la bizinesi yake, lomwe adalisindikiza pa zikwama, pa malisiti ndi pa galimoto, silidalembetsedwe m'dzina lake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Misika ikuluikulu ya pa intaneti, yomwe amalonda ambiri amagulitsira pamodzi monga Takealot ku South Africa kapena Jumia ku Nigeria ndi Kenya, kuno siidazike mizu mofanana. Komwe ilipo imabweretsa ogula koma imadula gawo lalikulu, ndipo itha kutseka: Jumia idachoka ku Cameroon, Tanzania ndi Rwanda mu 2019, kenaka ku South Africa ndi Tunisia mu 2024. Msika wotere ndi wabwino ngati khomo lachiwiri, osati lokhalo.

Katundu afike kuti?

Fomu yolembapo adiresi m'mapulogalamu akunja imafunsa nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi nambala ya dera. Bungwe la Macra lakhala likuyendetsa ntchito yopereka manambala a nyumba ndi mayina a misewu, koma wogula wa ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi amalozerabe ndi chigayo, mjigo, sukulu ndi geti yakuda. Pulogalamu yoyenera ndi yomwe imalola kuchotsa mabokosi osafunikira, kukakamiza nambala ya foni m'malo mwa imelo, ndi kuika malo aakulu olembapo malozero. Wogula akafunsidwa zinthu zomwe alibe, salimbana nazo, amatseka tsamba.

Mitengo yotumizira nayo ifunika kugawidwa momwe malonda amayendera kuno. Kabaza wa njinga yamoto m'kati mwa mzinda ali ndi mtengo wake malinga ndi dera, phukusi lochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita opitirira 300, limadutsa ku kampani yonyamula katundu ndipo wogula amakalitenga ku ofesi yawo, pomwe ena amakonda kudzatenga okha pa shopu. Sitolo iyenera kutha kuonetsa njira zonsezi ndi mitengo yake wogula asadalipire. Kulipira polandira katundu kumakopa okayika, koma kumasiya wamalonda ndi bilu ya kabaza wogula akazimitsa foni. Ambiri amathana nazo popempha kuti ndalama ya thiransipoti ilipiridwiretu.

Tsamba lililonse liyesedwe pa foni yotchipa, ya sikirini yosweka pakona, masana netiweki itadzaza, osati pa laputopu ya mmisiri mu ofesi ya Wi-Fi. Zithunzi zolemera zimachedwa kutseguka ndipo zimadya bandulo ya wogula. Mwini sitolo ayesenso kusintha mtengo ndi kuika katundu watsopano pogwiritsa ntchito foni yakeyo, magetsi atazima. Ngati pa kusintha kulikonse afunika kuimbira mmisiri, m'nyengo yomwe mitengo imasintha sabata ndi sabata, mitengo ya pa tsambalo idzakhala yakale mwezi usadathe.

Malamulo salekera pakhomo la intaneti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira malonda ochitikira pa intaneti ndipo limafuna kuti wogulitsa adziulule kuti ndi ndani komanso amapezeka kuti. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika udindo pa aliyense wosunga mayina, manambala a foni ndi maadiresi a anthu, ndipo Macra ndiyo idapatsidwa ntchito yoyang'anira. Makampani apakati ndi mabanki kawirikawiri amafuna chiphaso cha umzika, satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA ndi akaunti ya banki. Wamalonda amene alibe mapepalawa ayambire kumeneko, chifukwa popanda iwo batani lolipirira silidzayaka.

Kwa amalonda ambiri a m'mizinda ya m'dziko muno, omwe ogula awo ndi a konkuno ndipo amalipira pa foni, njira yanzeru ndi yokwera pang'onopang'ono: katalogi ya WhatsApp yosamalidwa bwino, nambala yamalonda ya Airtel Money ndi Mpamba yosiyana ndi ya pakhomo, ndi kaundula wa makasitomala wosungidwa kunja kwa foni. Maoda akachuluka moti ena ayamba kuiwalika, kapena katundu akakhala wa mitundu ndi masaizi ambiri, nthawi ya sitolo yeniyeni yakwana, ndipo yolipiridwa m'makwacha ndi yomwe ili ndi mwayi wokhalitsa. WhatsApp siitayidwa, imasanduka khomo lolowera ndi polankhulira, pomwe sitolo ikugwira ntchito yowerengera ndi kulandira ndalama.

Pulogalamu iliyonse yomwe yasankhidwa, khomo lotulukira lionedwe tsiku lolowa. Shopify ndi WooCommerce zonse zimalola kutulutsa mndandanda wa katundu mu fayilo yotseguka ndi Excel, ndipo mayina a makasitomala ndi maoda nawonso amatha kutulutsidwa, koma maonekedwe a sitolo sasamuka; wochoka pa Shopify amakamanganso kwina. Mapulogalamu ena ang'onoang'ono, makamaka olembedwa ndi munthu mmodzi kuyambira pansi, salola kutulutsa kanthu, ndipo mwini katundu amatsala womangika kwa munthu ameneyo.

Ndalama yomaliza ya mmisiri isaperekedwe zinthu izi zisadafike m'manja mwa mwini bizinesi: domain yolembetsedwa m'dzina lake ndi pa imelo yake, mawu achinsinsi olowera ku hosting ndi ku sitolo ngati mwini wamkulu, akaunti ya kampani yapakati yolumikizidwa ku banki yake, ndi tsiku lomwe chilichonse mwa izi chikuyenera kulipiridwanso, lolembedwa m'kope lomwe amalembamo ngongole. Akalandira mawu achinsinsiwo awasinthe tsiku lomwelo, kenaka agule chinthu chimodzi chotchipa pa sitolo yakeyo ndi foni ya munthu wina, n'kuwerenga masiku mpaka ndalamayo itaoneka ku banki.